Mmene ndinasankhira zipolopolo za shotgun yotetezera banja langa

Khadi la laisensi litatuluka ndinkayesa kuti zovuta zonse zatha. Ndinapita kusitolo ya mfuti kukatenga shotgun yanga (mfuti yowombera njere zambiri nthawi imodzi), imene inakhala m'sefu mwawo miyezi yonse imene ndinkadikira mapepala. Wogulitsa atamaliza kulemba m'kaundula anandifunsa kuti, "Nanga zipolopolo mutenga ziti?" Kumbuyo kwake kunali mabokosi ofiira, akuda, obiriwira, olembedwa AAA, SSG, SG, 00, 7, ndipo palibe limene ndinkalimvetsa. Ndinamuuza kuti ndibweranso. Mfuti ndinapita nayo kunyumba yopanda kanthu, ndipo inakhala choncho milungu itatu.

Ndimakhala papuloti kumwera kwa Johannesburg, cha ku Walkerville, komwe ndimaweta nkhuku za mazira. Akuba anatilowera kawiri. Ulendo woyamba anatenga pampu ya madzi ndi mawaya, wachiwiri anafika pachitseko cha kukhitchini ife tili m'kati, ana ali m'tulo. Anathawa galu wa aneba atauwa. Usiku umenewo mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a ana, tikhala chonchi mpaka liti?"

Kwa abale athu amene ali kuno ku Joni, ndinene mwachidule za mapepala. Lamulo lake ndi Firearms Control Act la chaka cha 2000. Munthu uyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposa, komanso ukhale nzika ya South Africa kapena ukhale ndi chilolezo chokhala m'dzikoli mpaka kalekale. Pemiti ya ntchito yokha sikwanira. Umayamba ndi maphunziro kwa mphunzitsi wovomerezeka, a lamulolo ndi a kagwiridwe ka mtundu wa mfuti imene ukufuna. Kenako umakalemba fomu ya SAPS 517 kupolisi, kudinda zala, kuti upatsidwe satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera. Fomu ya laisensi yeniyeni ndi SAPS 271, ndipo umalembanso kalata yofotokoza chifukwa chimene ukufunira mfutiyo. Gawo 13 ndi limene limakamba za kudziteteza: mfuti imodzi yokha, laisensi ya zaka zisanu, ndipo ngati ndi shotgun ikhale yosadzilowetsa yokha chipolopolo china ikawombera. N'chifukwa chake yanga ndi ya pampu, yokoka ndi dzanja kuti chipolopolo china chilowe, ya 12 gauge (muyezo wa kukula kwa mpope wake). Sefu nayo iyenera kukhala yovomerezeka, yomangiriridwa kukhoma kapena pansi.

Chinthu choyamba chimene mphunzitsi wanga anandionetsa nditabwerera kwa iye chinali malemba ang'onoang'ono odindidwa pampope wa mfuti. Yanga yalembedwa kuti imalandira zipolopolo za mamilimita 70 ndi 76. Anandichenjeza kuti zilipo mfuti zakale zolandira 70 yokha, ndipo chipolopolo cha 76 chimalowamo bwinobwino ngati kuti ndi chake, chifukwa utali wolembedwa pabokosi ndi wa chikhungwa chikatseguka pambuyo powombera. Chikasowa malo otsegukira, mphamvu ya wonga imakwera kuposa muyezo ndipo mfuti ikhoza kukuvulaza mwini wakewe. Ndinakumbukira gogodela ya agogo anga kwathu ku Ntcheu, imene ankathiramo wonga ndi tizitsulo tilitonse pothamangitsa nguluwe kumunda. Kuno zongoyerekeza zotere palibe, chilichonse chili ndi muyezo wake wolembedwa.

Kenako anadula zipolopolo zitatu ndi mpeni n'kukhuthulira zam'kati m'mbale. Choyamba chinali cha mbalame, nambala 7: njere za mtovu mazanamazana, zazing'ono ngati mawere. Chachiwiri chinali 00, njere zisanu ndi zinayi, iliyonse yokula mamilimita 8 ndi kachidutswa, ngati nandolo wamkulu. Chachitatu chinali slug, chibuma chimodzi cha mtovu cholemera pafupifupi magalamu 28. Apa m'pamene mayina a pamabokosi aja anayamba kumveka. Kuno amagwiritsa ntchito mayina a ku Britain pamodzi ndi a ku America. AAA ndi njere zocheperapo, SSG zokulirapo, SG zokulirapo ndithu ndipo zimafanana kwambiri ndi 00 ya ku America, pomwe LG ndiye zazikulu kuposa zonsezi.

Mtima wanga unali pa zipolopolo za mbalame, ndipo sindibisa chifukwa chake. Sindinagule mfuti kuti ndiphe munthu. Ndinkaganiza kuti njere zing'onozing'ono zimupweteka wakuba n'kuthawa, komanso sizingaboole khoma n'kukafika kwa ana. Mphunzitsi sananditsutse ndi pakamwa. Anandiuza kuti ndikayeze nyumba yanga kaye, ndibwere ndi manambala, ndibwerenso ndi chidutswa cha chilichonse chimene chimalekanitsa zipinda zanga.

Ndinatenga tepi Loweruka m'mawa. Kuchokera pakhomo la chipinda chathu kufika pachitseko cha kukhitchini ndi mamita 7. Mtunda wautali kwambiri m'nyumba monse, kuchokera pabalaza kufika kumapeto kwa kolido, ndi mamita 9. Makoma akunja ndi a njerwa ziwiri, am'kati ambiri ndi a njerwa imodzi. Koma chipinda cha ana tinachidula tokha kuchokera kubalaza, ndi bolodi ya siling'i pa timatabwa, ndipo bedi la wamkulu linali litatsamira bolodi imeneyo. Nditaima pakhomo la chipinda chathu n'kuloza ndi chala kukhitchini, ndinaona kuti dzanja likangopatuka pang'ono kumanzere, chala chikuloza pamene mutu wa mwana wanga umakhala usiku. Ndinakhala pansi pomwepo kanthawi ndithu.

Kumalo owomberako tinapachika mapepala akuluakulu pa mamita 7. Ndinali ndimvapo anthu akunena kuti shotgun sifuna kulunjika, umangoloza kumene kuli phokoso ndipo njere zimadzaza chipinda chonse. Bodza limeneli ndi loopsa. Pa mamita 7, njere za 00 zinagwa pamalo osaposa chikhatho changa chotambasula. Pa mtunda wa m'nyumba munthu ukhoza kuphonya ndithu, ndipo chimene waphonya nacho chimapitirira ulendo.

Tinaimika chidutswa cha bolodi chija. Nambala 7 inachiboola bowo lolowa chibakera, ndipo pepala limene tinaika kumbuyo kwake linali mabowo okhaokha. Chiyembekezo changa chinathera pomwepo. Njere za mbalame zikakhala pafupi zimayenda pamodzi ngati chinthu chimodzi ndipo bolodi siiziletsa, koma zikakumana ndi jekete lochindikala ndi thupi la munthu, njere iliyonse payokha ndi yopepuka moti silowa kwambiri. Zikhoza kusiya chilonda choopsa osamuimitsa munthu amene akubwera ndi chikwanje kapena mfuti. Mphunzitsi anandiuza za muyezo umene FBI, bungwe la apolisi ofufuza milandu la ku America, inakhazikitsa pambuyo pa kuwomberana kwa ku Miami mu 1986: chipolopolo chodzitetezera chizilowa mainchi 12 mpaka 18, kutanthauza masentimita 30 mpaka 45, m'phala lapadera loyesera lofanana ndi mnofu wa munthu. Njere za mbalame sizifikapo, pomwe 00 imafika.

Slug ndinangowombera kamodzi n'kuisiya. Inapyola bolodi ndi chitseko chakale chimene tinaimika kumbuyo, ndipo imapita kutali kwambiri. Nyumba ya aneba ili chapafupi, ndipo anyamata awiri amene amandithandiza kukhola amagona m'kanyumba kuseri kwa khitchini. Za zipolopolo za labala nazo ndinafunsa. Yankho linali lakuti pafupi zimapha, ndipo pamaso pa lamulo wawombera munthu ndi mfuti basi.

Zinatsala ndi SSG ndi 00. Ndinagula mabokosi ang'onoang'ono a makampani atatu, chifukwa mfuti iliyonse imamwaza mosiyana ngakhale zipolopolo zikhale za dzina limodzi. Bokosi lina linkataya njere imodzi kutali ndi zinzake, masentimita oposa 20, pafupifupi ulendo uliwonse. Njere imeneyo ndi imene ndinkaiopa, popeza sindingadziwe kumene ikathere. Za mamilimita 76 zinandimenya paphewa moti mpope unkadumphira m'mwamba ndipo kuwombera kwachiwiri ndinkachedwa nako. Zimene zinandikhalira bwino ndi 00 ya mamilimita 70 ya wonga wochepetsedwa, ya njere zisanu ndi zitatu. Imakankha pang'ono, njere zake zinagwa pamodzi pa mamita 7 ndi pa 9 pomwe, ndipo pampu inazitulutsa zonse popanda kukakamira. Ndinawombera 25 zotsatizana kuti nditsimikize.

Komabe 00 nayo imapyola bolodi ngati pepala, choncho ntchito yaikulu inali kunyumba. Tinasamutsa mabedi a ana kupita kukhoma la njerwa, ndipo mwezi wotsatira ndinagwetsa bolodi ija n'kumanga njerwa. Ndinaika geti yachitsulo pakolido, kuti usiku mbali yogona ikhale yotsekeka payokha. Ndinamangirira tochi pamfuti. Aliyense kuno amakumbukira zimene zinachitika ku Pretoria pa 14 February 2013, pamene Oscar Pistorius anawombera kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha Reeva Steenkamp, ndipo mu 2015 khoti la apilo linagamula kuti ndi mlandu wakupha. Ine ndili ndi mnyamata wa zaka 16 amene amadzuka usiku kukamwa madzi. Sindidzawombera chinthu chimene sindinachione nkhope. Lamulo la kuno limalola kugwiritsa ntchito mfuti pamene moyo uli pachiswe nthawi yomweyo. Munthu amene akuthawa ndi nkhuku zanga kapena TV ndimusiya apite, ndiimbire apolisi.

Mayi a kunyumba alibe laisensi, ndiye kiyi wa sefu sakhala nawo. Lamulo limawalola kuwombera ine ndili pambali pawo, ndipo ndinapita nawo kumalo ophunzirirako kawiri kuti adziwe kuona ngati mfuti ili ndi kanthu kapena ayi. Ana tinakhala nawo pansi n'kuwauza kuti akamva phokoso usiku asatuluke, agone pansi m'mbali mwa khoma la njerwa mpaka amve mawu anga.

Pogula zipolopolo umaonetsa khadi la laisensi ndipo wogulitsa amalemba m'buku. Malire ndi zipolopolo 200 pa mfuti imodzi ya laisensi ngati yangayi. Ine ndimasunga 50 za 00 ndi bokosi limodzi la nambala 7 loyeserera, popeza ndi lotchipa. Zonse zimakhala m'sefu, pouma, kutali ndi chinyontho cha kukhola. Chaka chilichonse ndimakawombera zakalezo papepala n'kugula zatsopano za mtundu womwewo. Mkati mwa chitseko cha sefu ndinamatamo pepala lija la pa mamita 7, ndipo pansi pake ndinalemba tsiku lokapereka fomu yowonjezera laisensi, lomwe liyenera kufika kusanatsale masiku 90 kuti ithe.