Ulendo wa kalabu yathu ya sayansi ku Chenkumbi ndi ku Zomba

Kalabu ya sayansi ya pasukulu yathu, yomwe ndi CDSS ya kumudzi m'boma la Ntcheu, inali ndi ulendo wokaona ng'anjo zowotchera laimu ku Chenkumbi m'boma la Balaka, kenako kukacheza ndi anzathu a pasukulu ina ya sekondale ku Zomba yomwe ili ndi labu. Ambiri tinali a Fomu 4 amene tikuyembekezera mayeso a MSCE, ndipo a Fomu 3 analiponso angapo. Anzanga anandisankha kuti ndilembe lipotili kuti makolo amene anasonkha ndalama ya galimoto adziwe kumene ndalama yawo inapita, komanso kuti anzathu amene anatsala amveko zimene tinaona.

Pasukulu pathu palibe labu. Kemisitiri timaiphunzira pabolodi. Aphunzitsi amajambula ndi choko burette, kachubu kagalasi koyezera asidi kokhala ndi manambala ndi kampopi kumunsi, ife n'kukopera m'makope, n'kuloweza kuti madzi a m'botolo asintha mtundu, chonsecho mtunduwo sitinauonepo ndi maso. Kale phunziroli linali lophatikizana ndi fizikisi n'kumatchedwa Physical Science, koma pano lili palokha, ndipo pa MSCE lili ndi pepala la pulakitiko. Mwana wa pasukulu ngati yathu angathe kugwira burette koyamba pa tsiku lenileni la mayeso, manja akunjenjemera, nthawi ikutha. Aphunzitsi athu a kemisitiri anakana kuti zimenezi zitichitikire, ndipo ndi iwo amene analemba makalata ndi kukambirana ndi komiti ya makolo mpaka ulendowu unatheka.

Tinanyamuka m'bandakucha pa kosita, kutsata msewu wa M1 mpaka pa Chingeni pomwe tinakhotera ku Balaka. Titadutsa pa boma tinalowa msewu wafumbi wopita ku mapiri a Chenkumbi, kumene anthu akhala akukumba miyala ndi kuwotcha laimu kwa zaka zambiri. Fumbi loyera linali ponseponse, pamasamba a mitengo ngakhalenso pansidze za anthu ogwira ntchito.

Anatilandira bambo wina wachikulire amene wagwira ntchitoyi kuyambira ali mnyamata. Titawapatsa moni anatitengera kaye kumene amaswera miyala. Anatiuza kuti mwala umayenera kuswedwa ndi nyundo mpaka ufanane kukula ndi anzake, chifukwa waukulu kwambiri umapsa kunja kokha, mkati n'kukhala wauwisi, ndipo wotere ndi kutaya nkhuni pachabe. Miyalayo amaisanja mu ng'anjo mosinthanitsa ndi nkhuni, n'kuyatsa moto womwe umayaka usana ndi usiku osazima. Aphunzitsi athu anatulutsa kabotolo ka asidi wosungunulidwa ndi madzi amene anabwera naye, n'kudontheza pamwala wosawotcha. Pomwepo panatuluka thovu likuchita phokoso. Aliyense anafuna kudontheza yekha. Tinali titalemba kambirimbiri kuti carbonate akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa carbon dioxide, koma thovulo tinaliona tsiku limenelo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinachitika pambuyo pake. Agogo aja anatola miyala iwiri yofanana kukula, umodzi wosawotcha, wina wochokera mu ng'anjo utazizira, n'kutiuza kuti, “Adzukulu anga, tanyamulani iyi mundiuze.” Wowotchawo unali wopepuka modabwitsa. Iwo anati mwala ukapsa bwino umataya pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo kupepukako n'kumene amadziwira kuti wapsa. Aphunzitsi anatiuza tikhale pansi pomwepo, titulutse makope. Mwalawo ndi calcium carbonate, CaCO3. Pa kulemera kwa maatomu, calcium ndi 40, carbon ndi 12, oxygen ndi 16 katatu, zonse pamodzi 100. Ukautentha kufika pafupifupi madigiri 900 umagawika pawiri: calcium oxide wolemera 56 amatsala m'manja mwako, carbon dioxide wolemera 44 amathawira m'mwamba. Ndiye kuti pa makilogalamu 100 a mwala weniweni, 44 amapita ndi mphepo. Agogo aja sanaphunzirepo za mole, muyeso umene timawerengera kuchuluka kwa tinthu ting'onoting'ono mu kemisitiri, koma theka limene ankanenalo ndi 44 yemweyo amene tinapeza papepala.

Mutu wa mole ndi umene umagwetsa anthu ambiri m'kalasi mwathu. Tinkangoloweza kuti mole imodzi ili ndi tinthu 6.02 × 10²³, n'kumasowa kuti nambala yaikulu chonchi ikutithandiza chiyani. Nditanyamula miyala iwiri ija ndinamvetsa kuti masamu amenewa amauza munthu kuchuluka kwa zimene atulutse mu ng'anjo asanayatse n'komwe moto. Wogulitsa laimu atadziwa zimenezi angathe kuwerengeratu matumba ake.

Kenako anationetsa kuthira madzi. Anaunjika miyala yowotcha pabwalo, n'kutiuza tiime patali, mnyamata wina n'kuyamba kuwaza madzi ndi chitini. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Posakhalitsa miyala inayamba kulira, kung'ambika, nthunzi ili tolotolo, mpaka mulu wonse unasanduka ufa woyera. Madzi anali ozizira, miyala inali yozizira, koma kutentha kwake tinkakumva pankhope tili chapatali. Mnzathu wina wa Fomu 3 anafuula kuti “exothermic!”, kutanthauza kusintha kotulutsa kutentha, ndipo tonse tinaomba m'manja, chifukwa mawu amene tinkangowaloweza anali atafika pamaso pathu. Aphunzitsi anawonjezera kuti kuwotcha kuja kumameza kutentha, n'chifukwa chake kumadya nkhuni zambiri, pomwe kuthira madziku kumabweza kutentha kunja. Ufa umene umatsalawo ndi calcium hydroxide, womwe amausefa n'kuulongedza m'matumba. Ndi laimu yemweyo amene timapaka m'nyumba Khirisimasi ikayandikira, ndipo akakhala pakhoma amakoka carbon dioxide wa mumpweya pang'onopang'ono n'kubwereranso kukhala calcium carbonate. Amagwiranso ntchito m'mafakitale a shuga, ngati a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, poyeretsa madzi a nzimbe, ndipo alimi amathira laimu m'minda imene nthaka yake ili ndi asidi wambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene zinandiwawa kumeneko, ndipo sindingazibise. Choyamba ndi manja a anthu ogwira ntchito. Laimu ndi base (chotsutsana ndi asidi) yamphamvu, imadya khungu, ndipo ikalowa m'maso ingathe kuwononga diso. Ambiri amene tinawaona manja awo anali ong'ambikang'ambika, ena atangomanga kansalu pamphuno. Ife m'kalasi amatiuza kuti tisayandikire base popanda magalasi oteteza maso, pomwe anthu awa amakhala m'fumbi lake tsiku lonse kuti ana awo adye. Chachiwiri ndi mitengo. Milu ya nkhuni inali yaitali kuposa munthu, ndipo agogo aja anati masiku ano nkhuni zimachokera kutali kusiyana ndi kale. Mpweya wa carbon dioxide umatuluka kawiri pamenepo, wina kuchokera mumwala, wina kuchokera ku nkhuni. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa ndi ntchito imene imawadyetsa ndipo dziko likufuna laimu. Koma ndikuona kuti amene tikuphunzira kemisitirife tili ndi ngongole kwa anthu amenewa, yopeza ng'anjo yosunga kutentha bwino kuti izidya nkhuni zochepa.

Potsanzikana anatipatsa kathumba ka laimu ndi miyala ingapo yosawotcha. Tinapitiriza ulendo kudzera ku Liwonde, kuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kenako Machinga, Domasi mpaka Zomba. M'galimoto munabuka mkangano. Mtsikana wina anafunsa tanthauzo la 46% N yolembedwa pathumba la feteleza wa urea amene makolo athu amathira m'chimanga. Ena ankati ndi kulemera kwa thumba, ena ankati ndi nambala ya fakitale. Aphunzitsi anangotipatsa fomula yake, CO(NH2)2, n'kutisiya. Tinawerengera pamaondo galimoto ikugwedezeka: zonse pamodzi ndi 60, nitrogen ndi 14 kawiri, kutanthauza 28, ndipo 28 pa 60 ndi kupitirira pang'ono 46 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli nitrogen wokwana pafupifupi makilogalamu 23. Amene anayamba kupeza yankho anali mtsikana yemwe uja anafunsa.

Ku Zomba, mzinda umene kuli likulu la MANEB komanso University of Malawi ku Chirunga, anzathu anatilandira bwino kwambiri. Tinali ndi mantha kuti mwina azitiona ngati akumudzi osadziwa kanthu, koma sizinatero. Madamu amene amayang'anira labu anayamba ndi malamulo: magalasi kumaso, tsitsi lomanga, osalawa kanthu kalikonse, ndipo posungunula asidi timathira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, chifukwa kutentha kumene kumatuluka kungathe kukuthovutsira asidiyo kumaso. Kenako anatigawa awiriawiri, mmodzi wa kwathu ndi mmodzi wa kumeneko.

Ntchito yaikulu inali titration, komwe ndi kudontheza asidi mu base pang'onopang'ono mpaka zithetsane mphamvu, kuti udziwe mphamvu ya chimodzi mwa ziwirizo. Mnzanga amene madamu anandipatsa anandionetsa zinthu zimene bolodi silingaphunzitse: kutsuka burette ndi asidi yemweyo amene ukufuna kugwiritsa ntchito, kuchotsa kathovu ka mpweya kamene kamabisala kumunsi kwa kampopi, ndi kuwerenga nambala diso lili pamzere umodzi ndi pansi pa kupindika kwa madzi. Tinayeza 25 cm³ ya sodium hydroxide ndi pipette, kuthira mu conical flask, n'kudonthezamo phenolphthalein pang'ono. Madzi oyera aja anasanduka apinki nthawi yomweyo. Ndiye dzanja limodzi pakampopi, lina likuzunguza flask pamwamba pa kathailo koyera, hydrochloric acid akutsika. Poyamba pinki uja amangozimirira pamene asidi wagwera n'kubwereranso. Ukayandikira kumapeto amachedwa kubwerera, ndipo pamenepo uyenera kutsitsa dontho limodzilimodzi. Madamu ankazungulira m'mabenchi akunena kuti, “Ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha.” Dontho limodzi lomaliza linachotsa mtundu wonse, madzi n'kuyera mbee. Tinabwereza mpaka manambala awiri anayandikana, kenako tinawerengera mphamvu ya asidiyo pogwiritsa ntchito ma mole omwe aja. Masamu amenewa ndinawalembapo nthawi zambiri m'kalasi, koma aka kanali koyamba kuwerengera manambala amene ndawapeza ndi manja anga.

Ifenso sitinapite chimanjamanja. Tinatenga chidulo chimene amayi a mnzathu wina anatcheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, komanso chidede chouma. Tinawiritsa chidede n'kusefa madzi ake ofiira, n'kuwagawa m'timabotolo. M'mene tinathira madzi a mandimu kufiira kunawala kwambiri, koma m'mene tinathira chidulo madzi anasanduka obiriwira. Anzathu a ku Zomba anadabwa, chifukwa ankadziwa indicator, chinthu chosintha mtundu posonyeza asidi kapena base, ya m'botolo logula yokha. Anayesa chidulocho ndi litmus yofiira ndipo inasanduka yabuluu, kusonyeza kuti ndi base. Atathiramo asidi munatuluka thovu ngati lija la pamwala wa ku Chenkumbi, ndipo madamu anafotokoza kuti phulusa la zomera limakhala ndi potassium carbonate wambiri, n'chifukwa chake chidulo chimafewetsa thelele ndi masamba olimba. Anachenjezanso kuti chidulo kapena soda zikachuluka mundiwo zimawononga mavitamini ena, monga vitamini C. Atsikana angapo anati akawauza amayi awo.

Laimu wa agogo uja tinamusungunula m'madzi n'kusefa mpaka madzi anayera. Mnyamata wina wa kumeneko anauzira mpweya wake m'madzimo ndi kapaipi, ndipo anachita mkaka pamaso pa tonse. Iwo mayeso amenewa ankawadziwa, koma mwala umene laimu amachokera anali asanauonepo. Tinawasiyira miyala iwiri kuti ikhale mu labu yawo.

Madzulo tinakhala pansi kukambirana za kawerengedwe. Iwo ali ndi magulu a anthu ochepa amene amakumana kuthetsa mafunso a mapepala akale a MANEB, ndipo aliyense amapatsidwa mutu woti akaphunzitse anzake. Pa organic chemistry anatilangiza kuti tisamaloweze dzina lililonse palokha, koma tigwire kaye mayina a chiwerengero cha carbon, meth, eth, prop, but, ndi fomula ya banja lililonse, zotsalazo zimabwera zokha. Ife tinawafotokozera m'mene timaphunzirira za distillation poyang'ana zipangizo zotchezera kachasu zimene aliyense kumudzi amazidziwa, kuti ethanol amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amawira pa 100, ndipo mpope wodutsa m'madzi ozizira uja ndi condenser.

Tisananyamuke m'mawa mwake aphunzitsi a mbali zonse ziwiri anagwirizana kuti a Fomu 4 a kwathu adzapitenso kukachita pulakitiko ina mayeso a moko asanafike, makamaka yoyeza ma ion ndi ya electrolysis zimene nthawi inatithera tisanachite. Anzathu a ku Zomba nawo akufuna kudzafika ku Chenkumbi. Pasukulu pathu kalabu yayamba kale kutolera mabotolo apulasitiki odula kuti akhale mafanelo, majakisoni atsopano opanda singano oyezera madzi, chidede ndi phulusa, kuti a Fomu 1 ndi Fomu 2 ayambe kuyesa asidi ndi base ndi manja awo teremu ino. Zimene sitingapange tokha ndi burette, pipette ndi magalasi oteteza maso, ndipo pempho la zimenezi talipereka ku komiti ya makolo kuti likakambidwe pa msonkhano ukubwerawu.