Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Zaka ziwiri kwa asisitere

Ndikuthokoza nonse amene munandipepesa nditalemba za matenda a mayi. Ambiri mwafunsa chimene chinandilowetsa m'chipani cha asisitere, ndipo yankho lake lili pabedi lomwe lija tinasiyira sabata yatha.

Mayi atasiya kutembenuka okha, zilonda zinabuka m'chiuno ndi kuzidendene, ndipo fungo lake linabalalitsa abale amene lero amauza anthu kuti anadwazika nawo. Sindiwatchula, akudzidziwa. Amene sanasunthe ndi sisitere wina amene ndimamutchula kuti Sisitere wa ndodo. Pakatha maola awiri alionse, usiku womwe, ankandigwedeza phazi kuti tiwatembenuze mayi. "Gwira paphewa, mwana wanga, usakoke mkono," ankatero. Ankatsuka chilonda ndi madzi ofunda a mchere, pang'onopang'ono, uku akuwafunsa mayi za adzukulu ngati kuti ayankha, chonsecho anali atatha masiku anayi osatulutsa mawu. Usiku umene mayi anatisiya, Sisitere ndiwo anawatseka maso, ine ndili chiimire ndi beseni m'manja, madzi atazizira kalekale.

Chaka chisanathe ndinali nditalowa.

Kumeneko ndinaphunzira kuti ntchito yotereyi asisitere anachita kuilimbanira. Pamene Vincent de Paul ndi Louise de Marillac ankayambitsa chipani cha Daughters of Charity ku Paris mu 1633, amayi odzipereka kwa Mulungu ankayenera kukhala otsekeredwa kumpanda, choncho iwo anakonza zoti atsikana awo azichita malumbiro a chaka chimodzi chimodzi, kuti akhale omasuka kulowa m'nyumba za odwala. Mpaka lero amawabwereza chaka ndi chaka. Ngakhale udokotala ndi uzamba, Roma anazilola kwa asisitere mu 1936, ndipo chaka chotsatira Mary Martin, mayi wa ku Ireland, anayambitsa chipani cha Medical Missionaries of Mary. Nkhani zimenezi ndinkazimeza ngati madzi, chifukwa ndinkaona kuti malo anga ali m'chipinda cha odwala.

Apa ndiyankhe amene analemba kuti asisitere anachita kundithamangitsa m'chipani. Sizoona. Mwa malumbiro atatu a asisitere, umphawi ndinali nditauzolowera kale, kudzisunga sikunandiopse, koma kumvera ndiko kunandikanika. Mkulu wathu anandiuza kuti chipani chikusowa munthu wosunga mabuku a ndalama kusukulu, ndipo ine ndinali wakuthwa pa masamu. Lero ndimavomereza kuti sanalakwe, popeza chipatala ndi sukulu siziyenda popanda wina wowerengera, koma pa zaka 22 ndinkangomva kuti akundilanda beseni lija.

Ndinalira miyezi itatu, kenako ndinapempha kutuluka ndisanalumbire. Tsiku lonyamuka, Sisitere wa ndodo sanandinyengerere kuti ndikhale. Anavula wotchi imene ankawerengera kugunda kwa mtima wa odwala, n'kundipatsa pamodzi ndi kalata yondichitira umboni kusukulu ya unamwino. Achemwali atandiona ndikutsika ndi chikwama, anakhala sabata yathunthu osandilankhula, ndipo za sabata imeneyo ndilemba m'gawo 10.