Mmene ndinakhozera mayeso a malo olumikizana mafupa

Pa kosi yosamalira okalamba yomwe ndinkachita kuno ku Johannesburg, mutu womwe unkagwetsa anthu ambiri unali wa malo olumikizana mafupa. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndiye buku likayamba kutchula mayina a Chingerezi, mutu umangozungulira, makamaka ukaweruka kuntchito utatopa kale. Ndalemba izi kuti anzathu obwera m'mbuyomu asavutike nazo.

Ndisanaloweze dzina lililonse ndinkayamba ndi funso limodzi: chagwira mafupa awiriwa n'chiyani? Mayankho ake ndi atatu basi. Pena ndi ulusi wolimba, gulu la fibrous, monga mizere ya pachigaza ndi pomwe dzino lakhazikika m'nsagwada. Amenewa sasuntha, akasuntha ndi pang'ono zedi. Kumbukirani liwombo la khanda: mafupa a mutu amakhala asanakumane, ndipo limatsekeka mwana akamafika chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Pena chogwira ndi chicherewecherewe, gulu la cartilaginous, monga pakati pa mafupa a msana, komanso kutsogolo kwa chiuno pomwe pamamasuka pang'ono mayi akakhala woyembekezera. Gulu lachitatu ndi synovial, lomwe lili ndi kampata ka madzi oterera, ndipo mafunso ambiri amachokera pamenepo.

Synovial ndinaimvetsa chifukwa cha mayi wina wakwathu amene ndimapemphera naye ku Rosettenville, yemwe wagwira ntchitoyi zaka zambiri. Anandiuza kuti, "Mwanangu, tseka bukulo. Kagule mwendo wa nkhuku wosaphika, ukausende bwinobwino." Ndinaugula, n'kuchotsa khungu ndi nyama pang'onopang'ono mpaka pabondo. Panali kathumba kokuta mfundo yonse. Nditakaboola ndi nsonga ya mpeni, zala zinayamba kuterera ndi timadzi tonanda. Kumapeto kwa fupa lililonse kunali koyera, kosalala, konyezimira: chicherewecherewe chija, chomwe chikaperepeseka mwa agogo, mafupa amakhulana, bondo n'kumaphwanya m'mawa. M'mbali munali timizere toyera tolimba tomanga fupa ku fupa linzake, ndiwo ma ligament. Chingwe china chinkachokera mumnofu, ndikachikoka mwendo n'kupindika. Imeneyo ndi tendon. Funso losiyanitsa ziwirizi silisowa pa mayeso.

Mitundu 6 ya synovial ndinkaibwereza pathupi langa ndili pamzere wa taxi ku Bree. Chigongono ndi hinge, chimangopinda n'kuwongoka. Kupukusa mutu pokana ndi pivot, pakati pa mafupa awiri oyamba a khosi, atlas ndi axis. Patsinde pa chala chachikulu cha kudzanja pali saddle, n'chifukwa chake chimatha kukhudza zala zinazo. Pomwe dzanja lakumana ndi mkono pali condyloid, ndipo timafupa 8 ta pamenepo timatsetserekana tokhatokha, ndiyo plane. Kwatsala ball and socket, phewa ndi nyonga (pomwe fupa la ntchafu lalowa m'chiuno).

Awiri omalizawa muwaphunzire ndi mtima wonse, chifukwa ndi omwe timagwira tsiku ndi tsiku. Mutu wa fupa la ntchafu umalowa mwakuya ngati munsi mumtondo, choncho kuguluka kwake n'kovuta. Phewa ndiye ayi, kabowo kake n'kosaya, limadalira minofu yolizungulira. Likuyenda mbali zonse, inde, komanso ndilo limaguluka msanga kuposa mfundo zina zikuluzikulu. Munthu amene wadwala sitiroko minofu ija imafooka, ndiye ukamukoka mkono kapena kumunyamulira m'khwapa ukhoza kumuvulaza phewa. Zimandiwawa ndikaona wina akudzutsa nkhalamba moikoka dzanja, poti ambiri amangopirira osanena kuti zikupweteka.

Kagawidwe kena, kotengera kuchuluka kwa kusuntha, ndinakasiyira kumapeto chifukwa n'kosavuta ukadziwa koyamba kaja: synarthrosis sasuntha, amphiarthrosis amasuntha pang'ono, diarthrosis amasuntha momasuka, ndipo ma synovial onse ali m'gulu lomalizali.

Tsiku la mayeso panali pepala, kenako zochita ndi manja. Anandipatsa mnzanga wogona pabedi, akuti waikidwa nyonga yachitsulo posachedwa, ndimutembenuze. Ndinaika pilo pakati pa miyendo kuti isapingasane, dzanja lina pamapewa kumbuyo, lina pachiuno, n'kumutembenuza thupi lonse pamodzi. Woyesa atafunsa chifukwa cha pilo, ndinayankha kuti mutu wa fupa ungatuluke m'malo mwake minofu isanapole. Anangogwedeza mutu n'kuitana wotsatira.