Chaka chathunthu osalawa mowa: zikomo kwa onse amene simunandisiye

Abale ndi anzanga, a kuno ku Joni ndi a kumudzi ku Ntcheu, mwezi uno ndakwanitsa chaka chathunthu osalawa mowa. Oyenera kuwathokoza ndi ambiri, ndiye ndati ndilembe pano. Mayina sinditchula, ngakhale malo amene timakumana, poti ku gulu lathu la anthu ofuna kusiya mowa chinsinsi cha mnzako sichitulutsidwa kunja. Eni ake adzizindikira okha.

Ndiyambe ndi achemwali anga aakulu a ku Lilongwe. Abale anayesa zonse: kundikalipira, kundiitanira abusa, mpaka malume anapita kwa sing'anga poganiza kuti ndinalodzedwa. Sindikunyoza aliyense, onse ankandifunira zabwino. Koma achemwali, inu munachita zosiyana. Munafufuza pa intaneti misonkhano ya kuno ku Johannesburg ya Alcoholics Anonymous (AA), gulu la anthu othandizana kusiya mowa, n'kunditumizira pa WhatsApp masiku ndi nthawi zake, ndipo Lachiwiri lililonse munkangofunsa kuti, "Wapita?" Funso limenelo linkandikwiyitsa kwambiri. Mulungu akudalitseni chifukwa simunatope nalo.

Achiwiri ndi anamwino a pakiliniki ina amene anandiletsa kusiya mowa mwadzidzidzi ndili ndekha m'chipinda. Apa ndichedwepo, chifukwa ambiri sitidziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, thupi lake limazolowera. Akangodula kamodzin'kamodzi, manja amanjenjemera, thukuta limangotsika, tulo sitibwera, ena amaona zinthu zimene palibe, ena amagwa ngati akhunyu. Zimenezi zimafika pachimake m'masiku awiri kapena atatu oyamba, ndipo zimatha kupha munthu. Amayi amenewo anaonetsetsa kuti ndaonana ndi dokotala, ndinalandira mankhwala a masiku ochepa ndi mavitamini, ndipo sanandiyang'ane ngati chidakwa chopanda pake. Zikomo amayi.

Tsopano gulu lenilenilo. Timakumana madzulo muholo ya tchalitchi, mipando yozungulira, tiyi pakona. Palibe ndalama yolowera; kambale kamadutsa, amene ali ndi kangachepe aponyamo kolipirira holo ndi tiyi. Safunsa pasipoti kapena pepala lililonse, chinthu chimene ife obwera timachiopa tisanalowe pakhomo lililonse. Chofunika n'chimodzi basi, kuti ukufuna kusiya mowa. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha, n'kufotokoza zake, ndipo wina akamalankhula samudula mawu kapena kumulalikira.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti amene ankalankhulawo ankanena mabodza anga omwe. Kubisa botolo kuseri kwa thanki ya chimbudzi, kunena kuti abwana sanalipire pamene malipiro athera kushabini, kulumbira Lolemba n'kumwa Lachitatu. Munthu amene sanamwepo angakukonde kwambiri, koma ukhoza kumupusitsa. Awa sungawapusitse, njira zonse anadutsamo kale. Gululi linayambanso motero mu 1935 ku Akron, m'dera la Ohio ku America, pamene Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, onse ovutika ndi mowa, anapeza kuti kucheza awiriwo kunkawathandiza kuti asamwe. Pali masitepe 12 amene timatsata pang'onopang'ono, ndipo lovuta kwa ine linali lokapepesa anthu amene ndinawalakwira ndi kubweza ngongole zawo.

Kwa akulu amene anavomera kukhala sponsor wanga, kutanthauza mnzanga wa m'gululi wondithandiza kutsata masitepe aja, madala achizulu amene anasiya mowa ine ndili kupulayimale: munkayankha foni pakati pa usiku popanda kudandaula. Munkandiuza kuti ndisalumbire za moyo wonse, ndingosamala za lero lokha. Chichewa simudziwa, koma ndidzakuwerengerani zimenezi Lachiwiri.

Mayi a ana anga, kwa inu mawu akuchepa. Miyezi imene ndalama zinasiya kubwera, inu munalipira fizi ya ana ndi ndalama za tomato ndi mbatata za pa Tsangano, anthu akukunenani kuti amuna anu anatchona. Sindikukupemphani kuti muiwale msanga. Ndamva kuti palinso gulu la Al-Anon, la mabanja a anthu ngati ine, ndipo ndikabwera pa Khirisimasi tidzaona limodzi mmene mungalowere nawo pafoni.

Anyamata a kuntchito, amene munasiya kundikakamiza "kamodzi kokha" Lachisanu n'kumandigulira Fanta, nanunso zikomo. Amene munati ndayamba kudzimva, palibe mlandu.

Ambiri mwandifunsa ku inbox za abale anu a kumudzi amene atha ndi kachasu ndi timabotolo totchipa tija. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene akodwa mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala cha boma chilichonse chingakulozereni koyambira. Misonkhano ya AA imachitikanso pa Zoom, bola bandulo ikhalepo. Chonde wodwalayo ayambe waonana ndi achipatala asanadule mowa.

Amene muli kuno ku Joni ndipo mukuchita manyazi kulowa nokha, ndilembereni. Ya takisi ndilipira ine, tidzakhala limodzi kumbuyo, ndipo tsiku loyamba simukakamizidwa kulankhula.