Mmene ndimaphunzitsira mawu oti cash kwa wophunzira wa ku China

Ndimayamba ndi katchulidwe, tanthauzo limabwera pambuyo. M'Chimandarini maphatikizo ambiri amathera ndi vawelo, n kapena ng, choncho wophunzira amawonjezera liwu kumapeto n'kunena kuti "kashi", monga mmene timachitira ifenso a Chichewa. Ndimamuuza akokere sh yekhayo, mpweya uzituluka koma kukhosi kusanjenjemere, kenako atseke pakamwa. Akaika chala pakhosi amadzimvera yekha ngati walowetsamo vawelo. Tikabwereza kakhumi n'kuyerekeza ndi catch, lilime limazolowera.

Kenako ndimaika patebulo pepala la 100 yuan, makobidi angapo ndi foni. Pepalalo ndi makobidiwo ndiye cash, zomwe Atchaina amati xianjin. Foni ayi. Apa ndimachedwapo dala chifukwa ku China anthu amalipira pafupifupi chilichonse pafoni ndi WeChat Pay kapena Alipay, ndiye ena amaganiza kuti kulipira pompopompo kulikonse ndi cash. Wogulitsa ku London akafunsa kuti "Cash or card?" akufuna kudziwa ngati utulutsa ndalama zogwirika m'manja. Ndalama zonse, za kubanki ndi za pafoni zomwe, ndi money, kwa iwo qian.

Galamala ndi pomwe ambiri amagwa. Dzina loti cash siliwerengeka: palibe a cash, palibe two cashes. Timati some cash kapena 500 yuan in cash. Chimandarini chilibe timawu ta a ndi the, moti wophunzira akangotidziwa amatimwaza paliponse. Ndimamulembetsa ziganizo zitatu zoyandikana: pay in cash, pay by card, pay by cheque. Kusiyana kwa in ndi by kumafuna kungoloweza basi.

Akagwira zimenezi ndimabweretsa mneni: cash a cheque, kutanthauza kupita ndi cheke kubanki n'kulandira ndalama m'manja. Pamenepa cashes ndi cashed n'zololedwa, ndipo ndimamuchenjezeratu kuti asasokoneze ndi lamulo la dzina lija. Za malonda ndimapereka zochepa: cash on delivery (kulipira katundu akafika), yomwe amaidziwa kale kuti huo dao fu kuan, ndi cash flow (kulowa ndi kutuluka kwa ndalama pa bizinesi), kwa iwo xianjin liu. Petty cash ndimafotokoza kuti ndi tindalama ta mu ofesi togulira shuga ndi ma envulopu.

Amene amawerenga mbiri ndimamuuzanso kuti m'mabuku a Chingerezi onena za nthawi ya ufumu wa Qing, cash ndi kakobidi kamkuwa kokhala ndi bowo la ngodya zinayi pakati, kamene Atchaina ankatcha wen n'kumakatunga pachingwe. Kumeneko "200 cash" n'zolondola, chifukwa akuwerenga makobidiwo limodzilimodzi. Izi ndimazisungira kumapeto, apo ayi amayamba kulemba choncho pa invoice.