Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Masonata a Méhul ku Edinburgh

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangopeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Edinburgh. Mwa anthu amene ndinkawayendera panali agogo ena aakazi omwe kale ankaphunzitsa piyano. Nyamakazi inali itawapinda zala moti ngakhale kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri.

Atamva kuti kwathu ndinkaimba kiyibodi kutchalitchi, anandituma pashelefu kukatenga buku lina lakalekale, mapepala ake ofiirira m'mbali. "Khala apo mwana wanga, undibwereke zala zakozo," anatero. Ine munthu wokulira m'solofa ya kwaya, manotsi a pamizere ndinkawawerenga mochita kuloza ndi chala, koma agogowo sanafune kumva zodandaula.

M'bukumo munali masonata (nyimbo za zida zokha, zopanda mawu) a Étienne-Nicolas Méhul, Mfalansa wobadwira ku Givet mu 1763. Nayenso anayambira pa limba la kutchalitchi akadali mwana, ndipo nditamva zimenezo ndinamuona ngati mnzanga. Ku Paris anakaphunzira kwa Jean-Frédéric Edelmann, katswiri wa harpsichord (chida cha makiyi chooneka ngati piyano) wochokera ku Strasbourg. Mu 1783, ali ndi zaka pafupifupi 20, anasindikiza masonata ake atatu oyamba. Ena anatuluka mu 1788, kenako iye n'kutembenukira ku opera (masewero oimba), komwe dzina lake linakamvekera. Edelmann anadulidwa mutu mu 1794, dziko la France lili pa chipwirikiti cha kuukira ufumu. Agogo akafika pamenepa ankangopukusa mutu.

Kunena chilungamo, masonata oyambawa si nyimbo zoti n'kukukhetsa misozi. Amamveka kuti wolemba ndi mnyamata wofuna kudzionetsa: dzanja lamanzere kubwereza timanotsi tomwetomweto, lamanja kuthamanga uku ndi uku. Masonata a Haydn, wopeka nyimbo wotchuka wa nthawi yomweyo, ndimawaona okhwima kuposa awa. Komabe muli kaukali kenakake kamene kamatulukira mwadzidzidzi, ndipo ndi komwe ndinkakonda.

Mkangano wathu unali pa kamenyedwe. Ine ndikafuna kuti pamveke mphamvu ndinkakhoma makiyi, iwo n'kugogoda ndodo pansi: "Usamenye! Ndipo phazi ulichotse papedulo." Ankati nthawi ya Méhul piyano inali ikungolowa kumene m'nyumba za ku Paris, moti mabuku ambiri ankalembedwa pachikuto kuti ndi a harpsichord kapena piyano, kuti agulidwe ndi onse.

Tsiku lina lopuma ananditumiza ku St Cecilia's Hall, holo yoimbiramo yomwe inamangidwa mu 1763, chaka chomwe Méhul anabadwa. Kumeneko amasunga harpsichord ya Pascal Taskin yopangidwa ku Paris mu 1769, ya mizere iwiri ya makiyi. Ndinaweramira pafupi n'kuona timitengo tating'ono tondandalikana m'kati. Ukadina kiyi, kamtengo kamakwera ndipo kansonga kake, komwe kale kankasemedwa ku nthenga ya mbalame, kamakodola waya. Piyano imamenya waya ndi kanyundo, iyi imangokodola. Ndiye ukanikize ndi mphamvu zako zonse, phokoso silisintha kwenikweni. Nditadzaimva ikuimbidwa, kalilidwe kake kanandikumbutsa bangwe.

Woimbayo mphamvu ankaipeza mwina: kuchedwetsa noti pang'ono, kuyala manotsi limodzilimodzi m'malo mowagwetsa pamodzi, kapena kusamukira pamzere wachiwiri wa makiyi. Nditakawafotokozera agogo, anangoti, "Eya, tsopano bwerera poyamba," n'kunditsegulira tsamba loyamba.

Kuimba kwathuku kunkadya mphindi za ntchito, ndipo abwana anga anadzamva. Zimene zinachitika mu ofesi mwawo ndidzafotokoza m'gawo 18.