Lachinayi pa Chitakale: nyimbo yochokera pa Mac

Lero kwacha ndi chiperoni. Phiri silikuoneka n'komwe, mtambo watsika mpaka m'minda ya tiyi, ndipo kamvula kowaza kakungogwa osaleka. Tsiku lotere sindijambula mawu mu situdiyo yanga, chifukwa maikolofoni imatola kaphokoso ka madontho pa malata, choncho ndinasangalala kuti ntchito ya lero inali yongomikisa.

Cha m'ma 9 koloko anafika mnyamata wa ku Luchenza amene tinagwirizana naye sabata yatha. Amaimba nyimbo zauzimu, koma pansi pake amayalapo ng'oma za tchopa zimene anakajambula kwa agogo ake chakuno kwa Chonde. Biti anaipanga yekha mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, pa MacBook ya achimwene ake amene abwera posachedwapa kuchokera ku Johannesburg. Kwa ine amangofuna masipika abwino ndi khutu lachiwiri. Fulashi anaitulutsa m'thumba la jekete ataikulunga m'kajumbo ka shuga kuti isanyowe. Mwamwayi inali ya exFAT, imene Mac ndi Windows zonse zimawerenga, apo ayi tikanayamba kulimbana ndi fulashiyo tisanafike pa nyimbo.

Titatsegula pulojekiti pa kompyuta yanga ya Windows, panabwera uthenga woti mapulagini ena, timapulogalamu towonjezera timene timatulutsa kapena kukometsa mawu a zida, sakupezeka. Ndinaiseweretsa choncho. Ng'oma za agogo zinalira bwinobwino, mawu ake anamveka, koma besi kunalibe, kiyibodi kunalibe, ndipo mawuwo anali ouma gwa. Mnyamata uja anagwira pakamwa.

"Akulu, ndiye kuti nyimbo yafa?"

"Siinafe, mphwanga. Manotsi onse alipo, taona mu piano roll umu. Chasowa ndi chowaimba."

Anayang'anitsitsa pa sikirini n'kuloza ndi chala. "Koma pulagini ya Vital nanunso muli nayo, si iyo apo? Besi ndinapangira momwemo."

Funso limeneli ndi limene limasokoneza anthu ambiri, ndipo ndinakondwa kuti walifunsa. Pulagini imodzi imatha kubwera m'mitundu ingapo. Pali VST, imene inayambitsidwa ndi kampani ya Steinberg ya ku Germany mu 1996, ndipo mtundu wake watsopano, VST3, unatuluka mu 2008. Imeneyi imapezeka pa Windows ndi pa Mac pomwe. Pali Audio Units, kapena kuti AU, ya Apple, imene imagwira ntchito pa makina a Apple okha, monga Mac. Mwa mapulogalamu ena opangira nyimbo, Logic Pro ndi GarageBand zimalandira AU basi. Pro Tools ili ndi wake, AAX. Ukaika Vital pa Mac imalowa ngati VST komanso ngati AU, ndipo FL Studio ya pa Mac, imene inabwera ndi FL Studio 20 mu 2018, imakuonetsa zonse. Iye anangosankha imene inali pamwamba, ndipo inali AU. Ndiye pulojekiti yake ikafika pa Windows imaitana Vital ya AU, imene kuno kulibe ndipo sikudzakhalanso. Ndinamuuza kuti zili ngati ketulo imene achimwene ake abwera nayo ku Joni: magetsi ndi omwewo, ketulo ndi yabwino, koma mano ake ndi obulungira ndipo soketi yathu ndi ya mano amakona. Anaseka, nati ketuloyo ilipodi kunyumba.

Tinawaimbira foni achimwene akewo. Ndi munthu wamkulu, za nyimbo sazidziwa, koma anafatsa nafe. Ndinawatsogolera pang'onopang'ono: tsegulani pulojekiti, dinani pa besi, sungani preset (kafayilo kosunga mmene pulagini yatcheredwera), tumizani pa WhatsApp ngati document. "Pepanitu achimwene, tikukuvutitsani," ndinatero. Iwo anati bola mwanayo nyimbo yake ituluke. Kafayilo kanafika mwachangu chifukwa ndi kakang'ono. Ndinatsegula Vital ya VST3 pa kompyuta yanga, n'kulowetsamo preset ija, n'kusamutsira manotsi a besi m'menemo. Besi inabwerera ndendende mmene anaipangira, ndi kunjenjemera kwake kumene anakukonda. Mnyamatayo anaimirira pampando. Kiyibodi tinaichita chimodzimodzi.

Chimene chinakanika ndi reverb ya pa mawu, imene imapangitsa mawu kumveka ngati akuimbidwa m'holo. Anagwiritsa ntchito AUMatrixReverb, imodzi mwa zimene zimabwera kale mu macOS, ndipo imeneyo ilibe mnzake wa pa Windows. Pamenepo njira ndi ziwiri: kuipanganso ndi khutu pogwiritsa ntchito ina, kapena kutulutsa mawuwo ngati fayilo ya mawu ya WAV pa Mac pomwepo, kamodzi ali ndi reverb, kamodzi ali ouma. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa zimene woimba anamva usiku umene ankapanga nyimbo ndi zimene zinamupatsa mtima woimba mmene anaimbiramo, ndipo sindifuna kumusinthira popanda chifukwa. Vuto lake ndi bandulo. WAV ya stereo ya 24-bit pa 48 kHz imadya pafupifupi 17 MB pa mphindi iliyonse, ndiye nyimbo ya mphindi 4 yokhala ndi matraki 20 imafika cha m'ma 1.4 GB. Pa foni zimenezo ndi ndalama. Tinagwirizana kuti ndi bwino MacBook ibwere yokha pa minibasi.

Magetsi anathima cha m'ma 12 koloko. Mayi a kunyumba anali ataphika nsima ya nandolo watsopano, ndiye tinakhala pakhonde n'kumadya kwinaku tikuyang'ana kabaza akudutsa atafunda mapepala apulasitiki. Apa ndi pamene anandiuza za mabiti ake akale, oposa khumi, amene anapanga pa laputopu yakale ya Windows. Akuti anakopera foda yonse ya mapulagini n'kuiika pa Mac, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inatseguka. Sizikanatheka. Mafayilo a mapulaginiwo, a .dll, ndi a Windows okha, ngakhale dzina la pulagini likhale lomwelo. Komanso ambiri mwa amene amayenda m'mafulashi a anyamata kuno ndi akale, a 32-bit, pamene macOS inasiya kulandira mapulogalamu a 32-bit kuyambira pa Catalina mu 2019. Kuwonjezera apo, ma Mac a M1 amene anayamba mu 2020 ali ndi purosesa ya mtundu wina, ndipo pulagini yakale ya Intel imafuna Rosetta 2, pulogalamu yomasulira ya Apple, kuti iyende.

Pa nkhani ya mapulagini okiraka, ogulitsa amene anthu amawathyola kuti awagwiritse ntchito osalipira, ndinamulankhula mosabisa, chifukwa zimandipweteka. Ndikudziwa kuti ndalama zakunja n'zovuta, ndipo mwana wa ku Luchenza sangagule pulagini ya madola mazanamazana. Koma ndaona anyamata aluso akutaya nyimbo za chaka chathunthu chifukwa pulagini imene anaimangirapo inangosiya kutseguka, kapena inabwera ndi vairasi, ndipo palibe kumene angakadandaule. Chonsecho zaulere zabwino zilipo. Vital ili ndi mtundu waulere ndipo imayenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Surge XT ndi yaulere kotheratu, nayonso imayenda konseko. TDR Nova ndi Valhalla Supermassive zilipo za Windows ndi za Mac. Ndipo za mu FL Studio momwemo, monga 3xOsc, FLEX ndi Fruity Parametric EQ 2, zimatseguka mbali zonse ziwiri popanda kufunsa kanthu. Anthu amazipeputsa chifukwa choti zinabwera ndi pulogalamu, koma nyimbo zambiri zimene ndatulutsa muno zaima pa zimenezi.

Anandifunsanso za laputopu yakale ija, ngati ili ndi tsogolo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akale sakwanitsa zofunika pa Windows 11. Ndinamuonetsa yanga ya m'kabati, imene mwana wa mlongo wanga anaikamo Ubuntu Studio, mtundu wa Linux, m'malo mwa Windows. FL Studio ilibe mtundu wa Linux, koma Reaper, pulogalamu ina yopangira nyimbo, ilipo ndipo ndi yopepuka kwambiri. Kumeneko mapulagini amabwera ngati LV2, VST3 yopangidwira Linux, kapena CLAP, mtundu watsopano umene a Bitwig ndi a u-he anatulutsa mu 2022. Mapulagini ena a Windows amayenda kudzera mu mapulogalamu olumikiza a Wine ndi yabridge, koma ena amakana, makamaka amene amafuna chiphaso cha iLok. Ndinamulangiza kuti asayambire pamenepo. Laputopu yake yakaleyo aigwiritse ntchito pojambulira ng'oma kumudzi, chifukwa pa ntchito imeneyo ndi yokwana, ndipo batire yake ikadali ndi moyo.

Magetsi anabwera 3 koloko itadutsa. Tinathera nthawi yotsalayo pa ng'oma za agogo, zimene zinajambulidwa panja ndi maikolofoni imodzi. Mukumveka nkhuku patali ndi mwana akuitana amake. Iye amafuna tizichotse zonsezo, ine ndinamupempha kuti timvere kaye pamodzi ndi besi. Ndinangodula kaphokoso ka mphepo pansi pa 40 Hz n'kukweza pang'ono pamene chikhatho chimamenya chikopa. Atamvera kawiri anati nkhukuyo ikhale, mwanayo timuchotse pa vesi yachiwiri pokha pamene akuphimba mawu.

Asananyamuke ndinamulembera papepala zoti akachite usiku uno: mu pulojekiti iliyonse ya pa Mac asinthe mapulagini a AU aike a VST3, asunge preset iliyonse mu foda ya nyimbo yake, ndipo nyimbo ikatha atulutse traki iliyonse payokha ngati WAV kuyambira pa bala yoyamba. Wakwera minibasi ya 5 koloko. Mawa abwera ndi achimwene ake ndi MacBook, titulutse mawu aja, ndipo akuti atenganso laputopu yakaleyo kuti tione kuti pa mabiti akale aja ndi angati amene tingawapulumutse.